M'chifunga thupi limanama

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Kuno ku Dedza chifunga chatsika kwambiri, phiri lonse labisika, ndipo maminibasi pa M1 akukwawa magetsi ali oyatsa ngati usiku.

Miyambo 14:12: "Ilipo njira yooneka kwa mwamuna ngati yoongoka, koma matsiriziro ake ndi njira za imfa."

M'mawa ngati uno umandikumbutsa 10 June 2024, tsiku limene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu 9 anatisiya, pamodzi ndi Dr Saulos Chilima amene tinawaika ku Nsipe. Ofufuza a ku Germany anati ndegeyo inapitirirabe kuuluka motsika m'nyengo yoipa mpaka inakagunda chitunda. Bala limenelo silinapole, sindilikanda. Ndikufuna tione chinthu chimodzi chokha: amene amagwa m'chifunga si ophunzira okha ayi, ndi akatswiri omwe.

M'kati mwa khutu lathu muli timadzi timene timatiuza ngati tapendekeka kapena taima chilili. Maso akasowa choona, timadziti timasokonezeka. Ndege ikamakhota pang'onopang'ono, thupi limangomva ngati zonse zili bwino. Woyendetsa helikoputa imene inapha Kobe Bryant, katswiri wa basketball wa ku America, mu January 2020 anali wa zaka zambiri pa ntchito. Atalowa mumtambo anauza oyang'anira ndege kuti akukwera, pamene anali kutsika. Sananame dala. Thupi lake ndi limene linamunamiza. N'chifukwa chake oyendetsa ndege amaphunzitsidwa kukhulupirira zipangizo za patsogolo pawo, ngakhale thupi likukana.

Ndiye pali kamtima kaja koti ndifike basi, anthu akundidikira. Kubwerera kumachititsa manyazi, makamaka ukakhala kuti njirayo waidutsa kambirimbiri.

Ife akale mumpingo, izi zikutikhudza kuposa obatizidwa dzulo. Ine ndinakhalapo chaka chathunthu osalankhulana ndi mchemwali wanga chifukwa cha malire a munda, uku ndikulalikira ku mlaga, mtima uli zii, ndikumva kuti ndikukwera. Anandibweza ndi Mateyu 5:24, wakuti yamba wayanjana ndi mbale wako, kenaka ubwere ndi mtulo wako. Ndinakwera njinga mpaka ku Bembeke, manyazi ali tho.

Tipempherere madalaivala onse amene akudutsa pa Lizulu m'mawa uno, ndi mabanja 9 aja. Amen.