Chikho Chimodzi pa Mgonero

Moni abale ndi alongo nonse amene mukundimvetsera, kaya muli kumudzi, kaya muli kuno ku Joni ngati ine. Lero ndi Lamulungu madzulo, ndipo pali nkhani imene yandikhala pamtima chitulukire m'tchalitchi masana aja. Ndi nkhani ya chikho.

Ndinafika mu Johannesburg mu 2007. Ntchito yanga yoyamba inali yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina yaikulu. Eni nyumbawo sanali ankhanza, ndipo malipiro ankandipatsa pa nthawi yake. Koma ndinali ndi kapu yangayanga, yachitsulo, yoperepeseka pamlomo, imene inkakhala pazenera lakuseri, pafupi ndi mpopi wothiririra maluwa. Nthawi yopuma ikakwana, mayi a panyumbapo ankandithirira tiyi ali chiimire pakhomo, ine nditatambasula dzanja ndili panja. Palibe anandiuzapo kuti ndine wonyansa. Kapu ija ndi imene inkandiuza, tsiku ndi tsiku.

Patapita zaka, abusa athu anatifotokozera pa phunziro la Baibulo kuti nkhani ya chikhoyi ndi yakale m'dziko lino, ndipo mizu yake ina ili m'tchalitchi momwemo. Mu 1857 sinodi ya Dutch Reformed Church ku Cape inakambirana za azungu ena amene sankafuna kudya Mgonero wa Ambuye pamodzi ndi akhristu a khungu lina. Sinodiyo inavomereza kuti kupembedza pamodzi ndiko kogwirizana ndi Malemba, koma inalola kuti, chifukwa cha kufooka kwa ena, anthu azisonkhana m'nyumba zosiyana. Taganizani, abale: ankadziwa choonadi, koma anasankha kusangalatsa ofookawo. Mu 1881 panabadwa mpingo wapadera wa anthu amene sanali azungu. Boma la tsankho la apartheid linadzalowa mu 1948, litapeza kuti pagome la Ambuye anthu anagawidwa kalekale.

Tsiku limenelo thupi linandizizira, chifukwa mpingo womwewo ndi umene unatumiza amishonale amene anafika ku Mvera mu 1889, komwe kunayambira ntchito imene inadzakhala Sinodi ya Nkhoma. Ine ndinabatizidwira kumeneko. Uthenga umene unandilera unabwera m'manja mwa anthu a mpingo umene unali ndi bala lotere. Chimene chinanditonthoza n'chakuti mankhwala a balalo anachokera kwa anthu omwe anakankhidwira panja aja. Mu 1982 analemba chivomerezo cha Belhar, dzina la dera lina ku Cape Town, ndipo mu 1986 anachilandira mwalamulo. Chivomerezocho chimaphunzitsa kuti umodzi wa mpingo ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, komanso ndi udindo umene tiyenera kuugwirira ntchito kuti uzioneka ndi maso.

Ndiye kunabwera Meyi 2008. Amene munali kuno simungaiwale. Ziwawa zothamangitsa anthu ochokera kumayiko ena zinayambira ku Alexandra, dera lina la kuno ku Joni, n'kufalikira ngati moto wolusa m'tchire. Anthu 62 anaphedwa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za dziko lomwe lino. M'tauni, tchalitchi cha Central Methodist, motsogozedwa ndi Bishopu Paul Verryn, chinali chodzaza ndi anthu othawa, ambiri ochokera ku Zimbabwe, ena akugona pamasitepe.

Ine sindinathawire kumeneko. Usiku umene anyamata ankayenda ndi zibonga akufuula kuti makwerekwere (dzina lotinyoza alendofe) achoke, agogo ena a Chizulu, amene tinkapemphera nawo limodzi, anabwera kudzagogoda pakachisakasa kanga ka malata. Anandigwira padzanja ngati mwana n'kundilowetsa m'nyumba mwawo, momwe ndinapezamo anzanga awiri a ku Mozambique atakhala kale pansi. Tinabisala mmenemo masiku anayi. Usiku woyambawo ndinkanjenjemera, kukhosi kuli gwaa. Gogo anatunga madzi m'kapu yawo, anamwa pang'ono, n'kundipatsira kapu yomweyo. Sanaitsuke, sanafunefune ina. Ndinamwa misozi ikutsika.

Gogo anatisiya zaka zingapo zapitazo. Ndakhala ndikufotokoza nkhani yawoyi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ine ndimakhala munthu wochitiridwa tsankho amene anapeza chifundo. Lero m'mawa ndaona mbali ina ya mtima wanga, ndipo n'chifukwa chake ndayatsa maikolofoniyi.

Mpingo wathu ndi wa anthu osiyanasiyana: Azulu, Asutu, a ku Congo, a ku Zimbabwe, Amalawi ochepa, ndi azungu angapo okalamba. Mliri wa Covid utatha tinabwerera kumwera chikho chimodzi. Kwa miyezi itatu tsopano kwakhala kukubwera mnyamata wina wa konkuno, amene amagona mumsewu. Ndi woonda, milomo yake ndi yong'aluka, ndipo akulimbana ndi nyaope, mankhwala ozunguza bongo amene atha achinyamata ambiri kuno. Amakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo anthufe timasiya kampata pakati pa ife ndi iye.

Lero popita kutsogolo anapezeka kuti wagwada pambali panga. Chikho chinafika kwa iye choyamba. Chitafika kwa ine, ndinangoona zala zanga zikuchitembenuza pang'onopang'ono, kufunafuna malo amene milomo yake sinakhudze. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangochita lokha. Pomwepo kapu yachitsulo ya pazenera ija inandibwerera m'maso. Ine ndemwe, amene ndinamwetsedwa ndi Gogo, ndinali kuchitira mwana wa mtundu wa Gogo zomwe zinkandipweteka zija.

Yakobo, m'chaputala 2 cha kalata yake, akunena za munthu wovala mphete yagolide amene amapatsidwa mpando wabwino, ndi wosauka wa zovala zalitsiro amene amauzidwa kuti aimirire uko. Petro anachita kulowa m'nyumba ya Korneliyo, munthu wa mtundu wina, kuti azindikire kuti Mulungu alibe tsankho. Mavesi amenewa ndimawadziwa pamtima, koma dzanja langa linali lisanawaphunzire. Ndipo tisadzinamize, Amalawi anzanga, ngakhale kuno kutali timafunsanabe kuti kwanu n'kumpoto, pakati kapena kummwera tisanaganize zothandizana. Amene akutithamangitsa mumsewu safunsa zimenezo.

Ndinabweza chikho chija mmene chinalili, ndinamwa. Mapemphero atatha ndinam'tsatira panja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinam'funsa dzina lake. Anandiyang'ana kaye kwa kanthawi ngati sakukhulupirira kuti ndikulankhula naye, kenako anandiuza. Anandiuzanso kuti mayi ake ankaimba kwaya, ndipo iye amabwera kuti adzamve nyimbo zomwe iwo ankaimba. Tinakhala pakhonde la tchalitchi mpaka anthu onse atabalalika. Potsazikana ndam'pempha kuti Lamulungu likubwerali asakhalenso kumbuyo, ndidzam'sungira malo pabenchi yachitatu, pomwe Gogo ankakhala.