Mlandu uwu ndi wa kwa amfumu kapena wa kupolisi?

Moni nonse, kaya mukutionera muli ku Kapata, ku Navutika, ku Katete kapena chakumalire ku Mwami. Lero tikambe za apolisi ndi ntchito yawo yosungitsa bata pakati pathu.

Kuno kum'mawa kwa Zambia mtendere susungidwa ndi yunifolomu yokha. Ng'ombe ikalowa m'munda mwa mnzako n'kudya chimanga, suthamangira kutauni. Umapita kwa anyakwawa, nduna zimakhala pansi, mwini ng'ombe amalipira, mawa lake nonse mumakumana pamaliro n'kupatsana moni. Mikangano ya malire a minda, kutukwanizana pamowa, zonsezi mafumu athu a pansi pa Nkhosi Mpezeni ndi Kalonga Gawa Undi amazithetsa bwino, ndipo apolisi sakanatha kuzisenza okha.

Koma pali milandu yomwe bwalo la m'mudzi lilibe mphamvu yoiweruza, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mwana wamkazi wa zaka 13 wagwiriridwa ndi munthu wamkulu. Akuluakulu a mabanja awiri amakhala pakhonde madzulo, amanong'onezana, mbuzi ziwiri zimasintha khola, nkhani amati yatha. Mwanayo ali m'nyumba, palibe wamufunsa. Amayi, abambo, nkhani imeneyi siyatha ayi. Lamulo la Zambia limati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akakhale kundende zaka zosachepera 15. Kupolisi kuli nthambi yotchedwa Victim Support Unit, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1990 kuti izithandiza amayi ndi ana ochitiridwa nkhanza. Kumeneko amapereka fomu yopita nayo kuchipatala. Ndipo nthawi ndi yofunika kwambiri: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Masiku omwe mabanja akukambirana za mbuzi ndi omwewo amene mwanayo akutaya mwayi wotetezedwa.

Tsono n'chifukwa chiyani anthu amazemba kupolisi? Tinene zoona, mantha alipo, ndipo ali ndi mbiri yake. Apolisi a nthawi ya atsamunda, pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ankateteza boma la azungu, osati munthu wa m'mudzi. Lamulo loyendetsa misonkhano la Public Order Act linalembedwa mu 1955, tisanalandire ufulu mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri zipani zotsutsa zinkadandaula kuti likugwiritsidwa ntchito kuzitseka pakamwa. Onjezanipo wapolisi mmodzi wopempha "kangachepe" pamsewu, chikhulupiriro chonse chimagwa.

Nchifukwa chake muyenera kudziwa zinthu izi, muziwauzanso achibale anu. Bondi ya kupolisi ndi yaulere. Mbale wanu akagwidwa pa mlandu waung'ono ndipo sangathe kupita naye kukhoti mkati mwa maola 24, lamulo limalola kuti atulutsidwe pa bondi, azidikira mlandu wake ali kunyumba. Amafuna anthu omuyimira, odziwika komwe amakhala, osati ndalama. Milandu ikuluikulu monga yakupha munthu ndiyo ilibe mwayi umenewu. Wina akakuuzani kuti mulipire bondi, akukuberani. Mukamenyedwa m'chitokosi kapena kulandidwa katundu ndi wapolisi, kuli bungwe la Police Public Complaints Commission, lomwe lamulo la 2016 linakhazikitsa kuti lizimva madandaulo a anthu pa apolisi.

Ndikambeko za kulanga tokha. Munthu akuwa kuti "wakuba!" pamsika, m'kanthawi kochepa anthu azungulira, wina ndi mwala, wina ndi chitsulo. Ndikumvetsa mkwiyo wake. Wobedwa ng'ombe zolimira wabedwa chakudya cha chaka chonse, ndipo kuona wokayikiridwayo akuyenda mumsewu mawa lake kumapweteka. Koma wotulutsidwa pa bondi sanakhululukidwe, mlandu wake ulipobe. Umagwa pamene ife mboni tasiya kupita kukhoti, poti tatopa kapena tikuopa banja lake. Ndipo gulu likapha munthu, amene anaponya miyala amasanduka oimbidwa mlandu wakupha. Chimodzimodzi agogo omwe amanamiziridwa ufiti n'kumenyedwa: amenewo ndi anthu oyenera kutetezedwa, ndipo anyakwawa ayenera kukhala oyamba kuitana apolisi.

Magulu a nebahudu omwe amalondera usiku m'makomboni amagwira ntchito yabwino akakhala maso ndi makutu a apolisi. Akagwira munthu, ntchito yawo ndi kumupereka kupolisi msanga, wosamenyedwa. Kumukwapula kapena kumulipiritsa faindi si udindo wawo.

Nambala ya apolisi pa ngozi ndi 991. Kumudzi komwe polisi ili kutali, funsani anyakwawa nambala ya wapolisi wa pa positi yapafupi, muisunge mufoni lero. Mukapita kukapereka lipoti, funsani dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhani yanu komanso tsiku loti mubwerenso.