Mizere ya pa mwala inabwera bwanji?

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Mwala uwu uyende m'manja, aliyense augwire. Mwaiona mizere yoyera ndi yakudayo, ina yopindikapindika? Akatswiri amautcha gneiss. Mbali yaikulu ya Malawi yakhala pa miyala yamtunduwu, ndipo ambiri mwaiphwanyapo pomanga maziko a nyumba.

Sunayambe uli chonchi. Unali mwala wina, mwinanso matope ouma, kenako unakwiririka pansi penipeni. Munthu akamakumba kutsika, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25 pa kilomita iliyonse. Ndiye taganizani makilomita 20 pansi, nthaka yonse ya pamwambayo ikukupsinja.

Apa mumvetsetse, poti ambiri amasokoneza: mwalawo susungunuka ayi. Ukasungunuka n'kuumanso, umenewo ndi mtundu wina, ngati miyala ya phiri la Mulanje. Uwu umasintha uli wolimba. Inu owotcha njerwa mukudziwa, dothi limalowa mu uvuni lili lofumbutuka, n'kutuluka lolimba, lofiira, koma silinayendepo ngati phala. Kungoti pansipo moto wake ndi wa zaka mamiliyoni, ndipo pali kupsinja. Timibulu ta mumwala timakula, n'kugona motsatana mopingasa kumene mphamvu ikuchokera. Mizere ija ndi imeneyo.

Matope akapsinjika pang'ono amasanduka sileti, ija agogo ankalembapo kusukulu. Kutentha kukapitirira pamatuluka schist, wonyezimira dzuwa likamuwomba, ndipo pamapeto pake gneiss. Mwala wa laimu umasanduka mabo, mwala wosalala uja amakongoletsera nyumba, ngati wa kumapiri a Chenkumbi ku Balaka. Ngakhale graphite wa ku Malingunde, chakuda chija cholembera m'pensulo, anapangika m'njira yomweyi.

Bambo uko akufunsa kuti chinaukankhira pansi mwala wamizerewu n'chiyani. Zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, zigawo zikuluzikulu za dziko zinagundana n'kupanga mtunda umodzi wotchedwa Gondwana. Pamene zinagundanapo panatumphuka mapiri aatali, monga zikuchitikira lero ku Himalaya, kumene India akukankhabe Asia. Mvula ndi mitsinje zinaperesa mapiriwo pang'onopang'ono mpaka kutha, zomwe zinali pansi pake n'kuonekera poyera. Choncho khasu likagunda mwala wamizere m'munda mwanu, mwagunda tsinde la phiri limene kulibenso.

Mwala uja wafika kwa ndani? Aubweze kuno, ndikuonetseni wa mabo.