Mawu a m'mawa: chiwindi sichinagone

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Lero tiwerenge Salmo 127 ndime 2, pomwe akutiuza kuti Yehova amapatsa okondedwa ake ngakhale ali mtulo.

Ineyo ndimeyi ndinkangoiwerenga mongodutsa mpaka tsiku lina ndikuwerenga za mmene thupi limaphwanyira shuga kuti tipeze mphamvu. Muselo iliyonse (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) shuga amadutsa masitepe 10, azasayansi amati glycolysis, ndiye pa sitepe yachitatu pali enzyme ina (puloteni yofulumizitsa ntchito mthupi) dzina lake phosphofructokinase, ambiri amangoti PFK-1, imeneyi ili ngati mlonda wapageti. Ikalola ndiye kuti shugayo wapita basi akaphwanyidwe, ikakana amadikira. Ndipo siyimangotsegula chisawawa ayi, ATP akachuluka muselo (ATP ndiye ngati ndalama ya mphamvu mthupi) imachepetsa liwiro, akayamba kutha imafulumira.

Koma chomwe chinandikhudza ine ndi kashuga kena kakang'ono kokhala ndi ma phosphate awiri, fructose 2,6-bisphosphate. Anakatulukira mu 1980 ku Belgium, a Emile Van Schaftingen, a Louis Hue ndi a Henri-Géry Hers. Tangoganizani, makolo athu onse aja kuyambira kalekale kanali kakugwira ntchito mwa iwo popanda munthu wodziwa dzina lake. Sikawotchedwa kuti kapereke mphamvu ayi, ntchito yake ndikuuza mlonda uja kuti tsegula. Dzulo madzulo mutadya nsima yanu ija insulin (mtenga wa mthupi wonena kuti shuga wachuluka mmagazi) anakwera, kashugaka kanachuluka mchiwindi, geti kutseguka, chiwindi nkuyamba kugwiritsa ntchito shugayo. Pakati pausiku mimba ili pululu kunabwera glucagon (mtenga wina wonena kuti shuga wachepa mmagazi), kashugaka kanachepa, geti nkutsekeka, chiwindi chinasiya kudya shuga nkuyamba kupanga wina ndikumuthira mmagazi kuti ubongo usasowe, pajatu ubongo paokha umafuna magalamu pafupifupi 120 a shuga patsiku ndipo sudziwa zoti kunja kwada. Chinanso, puloteni yomwe imapanga kashugaka ndi yomweyonso imakaphwanya, imodzi yomweyo, imangomvera uthenga womwe wafika.

Inu nthawi imeneyo munali mu bulangete mukuliza nkonono, simunapemphe, simunalipire, simunadziwe nkomwe. Mwina munagona ndi nkhawa ya fizi ya mwana kapena lendi, mwina munagona ndi njala kumene chifukwa ufa unatha, koma mmawa uno mwadzuka, mwazindikira nkhope za ana anu, mwakoleza mbaula. Ndikunena pano ketulo ili pamoto ndipo mbatata yadzulo ndaiwotcha pambali, ndikangoluma geti lija liyambanso kutseguka ine osalamula.

Sindikunena kuti tisagwire ntchito abale, kumunda tipite, kumsika tipite. Koma nkhawa ija yotidzutsa 2 koloko usiku ngati kuti moyo wonse tikuugwira ndife ndi manja athu, Salmo lomweli likuti nkwachabe kulawirira ndi kugona mochedwa uku tikudya chakudya cha mavuto.

Tipemphere. Atate, zikomo potisunga usiku wathawu mnjira zomwe sitiziona. Tikumbukira abale athu odwala matenda a shuga omwe matupi awo sakumvanso bwino uthenga wa insulin, apatseni mankhwala pa nthawi yake ndi anthu owasamala, ndipo amene adzuka opanda chakudya lero muwatsegulire khomo. Mdzina la Yesu, Amen.