Uthenga kwa mng'ono wanga pa nyimbo yake yatsopano

Halo mng'ono wanga, ndine mkulu wako kuno ku Hamburg. Uwapatse moni amayi, uwauze kuti ndiwaimbira Lamlungu madzulo. Uthengawu ndi wautali, ndiye khala pansi, utenge cholembera.

Nyimbo ija ndaimvera, ndipo muli kanthu. Koma usamaijambulenso ndi batani la mawu la WhatsApp utayandikiza foni pa sipika, chifukwa imafika itafinyidwa, besi itathawa. Umuuze pulodyusa akupatse WAV, fayilo ya mawu yosafinyidwa, ya 24-bit pa 44.1 kHz, uitumize ngati document.

Ndikufuna uzitha kuyesa nyimbo wekha, yako kapena ya anzako, usanalipire ndalama yotsala ku situdiyo. Uimvere malo atatu. Koyamba pa sipika ya foni, chifukwa anthu ambiri kumeneko aimverera pamenepo, ali pa kabaza kapena akudikira ngalawa padoko. Kasipika ka foni sikatulutsa mawu a pansi pa 100 Hz, pomwe 808 yako, besi yakuya ya mu biti ija, ikukhala cha m'ma 50 Hz, n'chifukwa chake pa foni biti yako ikumveka ngati ilibe miyendo. Mankhwala ake si kukweza besi ayi. Pulodyusa aike saturation pang'ono pa 808, kuti ibereke timawu tapamwamba tomwe foni ingatulutse. Kachiwiri pa mahedifoni, pamenepo umvetsere mpweya ndi "s". Ngati "s" ikubaya khutu, vuto lili pakati pa 5 ndi 8 kHz, aikepo de-esser, kachida kofewetsa "s". Kachitatu umupemphe dalaivala wa minibasi ya ku Monkey Bay akuikire. Mawu ako akamira injini ikalira, ndiye kuti pali matope pakati pa 200 ndi 400 Hz, pomwe biti ndi mawu akulimbirana malo.

Tsopano kuwerenga. Biti yako ili pa 90 BPM, kugunda 90 pa mphindi, ndiye vesi ya ma bar 16 (bar imodzi ndi kugunda kunayi) imatenga masekondi pafupifupi 43. Iweyo wayika intro ya masekondi 40 usanatsegule pakamwa. Zimenezo zikuphera nyimbo. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamveredwa munthu akadutsa masekondi 30, ndipo wa pa wailesi sadikira. Idule itsale ma bar anayi, kapena uyambe ndi kolasi.

Chomwe ndikufuna umvetsetse kwambiri ndi mawu. M'Chichewa chathu mawu onse amathera pa lembo la liwu, ndiye kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta, ndipo msampha uli pomwepo. Ukamaliza mizere isanu ndi itatu ndi "ndikupita, ndikubwera, ndikuyenda", sunagwire ntchito, chinenero chakugwirira. Woimba amene wakhetsa thukuta amafananitsa mphatikizo ziwiri kapena zitatu: nyanja, m'manja, banja, chambo, nyambo, mwambo. Komanso ife timakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto. Timati nyaa-nja, osati nyanjaa. Mu vesi yako yachiwiri ng'oma ya snare ikugwera pa mphatikizo womaliza, ndiye ukukakamizika kupotoza mawu, ukumveka ngati mlendo amene waphunzira Chichewa dzulo. Ilankhule vesiyo popanda biti, ngati ukuwafotokozera amalume nkhani pakhonde. Pamene lilime lakana, pamenepo sintha mzere. Timawu tachiyao tija usachotse, ndi pamene nyimbo yako ikununkhira kwathu.

Wafunsanso za magitala ndinakutumizira aja, akuti amayi akuti ndi phokoso la chigayo. Imeneyo ndi power metal, ndipo sumaiyesa ngati single. Ndi chimbale, umamvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, mphindi 45 mpaka ola, osalumpha. Mtunduwu unakhazikika kuno ku Germany ndi gulu la Helloween la mumzinda uno, ndi zimbale ziwiri za Keeper of the Seven Keys za mu 1987 ndi 1988. Kenako magulu a ku Finland monga Stratovarius anaika kiyibodi patsogolo.

Poyesa chimbale chatsopano, yamba ndi mapazi a woimba ng'oma. Amaponda kick, ng'oma yaikulu yapansi ija, ndi miyendo yonse iwiri, nthawi zambiri pa liwiro la 160 BPM kupita m'mwamba. Uzimva kugunda kulikonse payekhapayekha. Kukasakanikirana n'kukhala chimkokomo, miksi yalephera. Kukamveka kofanana ndendende kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati makina osokera a telala, ndiye kuti kompyuta yalowererapo kwambiri, moyo wachoka. Kenako magitala awiri, limodzi kumanzere lina kumanja, oyenda limodzi ngati soprano ndi alto m'kwaya. Woimba amakwera pamwamba kwambiri koma mawu ake akhale oyera, liwu lililonse lizimveka. Vuto lofala pa zimbale zatsopano ndi kufinya phokoso mopyola pa mastering, ntchito yomaliza yosalaza mamvekedwe nyimbo isanatuluke. Umadziwira apa: pofika nyimbo yachinayi makutu atopa, dzanja likupita lokha kukatsitsa voliyumu. Ndiyeno tenga nyimbo yachiwiri ndi yachisanu ndi chiwiri. Ngati sungazisiyanitse, gululo linali ndi nyimbo zitatu zenizeni, zinazo n'zongodzazitsira.

Muyeso waukulu ndi kolasi, ndipo uwu ugwira kwa iwenso. Zimitsa nyimbo, pita ukasambe kunyanja, pakatha ola uyese kuing'ung'udza. Ya gulu labwino la power metal imabwera yokha, ngakhale sukudziwa Chingelezi chake. Kolasi yako panopa ikutuluka m'mutu msanga, chifukwa ukuilankhula ndi liwu lomwelo la vesi, wekhawekha. Ubereko nzeru kwa amagitalawo. Uijambule katatu: kamodzi pakati, kawiri kumanzere ndi kumanja motsitsa pang'ono, ndipo upeze mtsikana wa kwaya aimbe pamwamba pako. Usakope fayilo imodzi katatu, imangokwera voliyumu osatambasuka. Uimbe katatu ndithu.

Pa mastering, umuuze pulodyusa kuti Spotify imatsitsa nyimbo zaphokoso kufika cha pa -14 LUFS, muyeso wa kukwera kwa phokoso, ndiye kuifinya mpaka kung'ambika sikupindula kanthu. True peak, nsonga yeniyeni ya phokoso, isadutse -1 dB.

Za mapepala usazengereze. Ngati biti unaitenga pa YouTube yolembedwa kuti free, werenga bwino, nthawi zambiri amatanthauza kuti usaigulitse. Ugule laisensi kwa mwini wake, apo ayi nyimbo idzachotsedwa itayamba kale kuyenda. Ngati anaipanga ndi pulodyusa wako, mulemberane papepala kuti aliyense gawo lake ndi lotani, musayinirane nyimbo isanatuluke, ubale usanawonongeke ndi ndalama. Ukailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, kuti ikamaseweredwa pa wailesi udzapeze kangachepe. Chithunzi cha pachikuto chikhale ma pixel 3000 kwa 3000, ndipo ukafuna kuti a Spotify aiganizire pa mindandanda yawo, uitumize pa Spotify for Artists kusanatsale masiku asanu ndi awiri kuti ituluke. Ukonzenso ina yopanda mawu otukwana yopereka ku Dzimwe ndi mawailesi ena. Mzere uja wa mu vesi yoyamba ukuudziwa, amayi asaumve.

Ndiye yamba ndi zitatu izi: dula intro, konza vesi yachiwiri, ujambulenso kolasi. Unditumizire WAV pofika Lachisanu, ndalama ya mastering nditumiza ndikaimvera. Uwapatsenso moni achemwali ndi ana.