Manambala a sukulu yaing'ono ku America: muziwerenga mosamala

[Pa sikirini: tebulo la zotsatira za mayeso pa sukulu ya pulayimale]

Moni nonse. Taonani tebulo ili. Makolo a ku America akamafufuza pa intaneti sukulu ya pulayimale ya boma yoti alembetseko mwana, amakumana ndi zotere. Pamwambapa pali chiwerengero cha ana amene akhoza masamu ndi kuwerenga. M'munsimu ana awagawa m'magulu: azungu, akuda, ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi, ochokera m'mabanja osauka, aulumali, ndi amene akuphunzira kumene Chingelezi. Ambiri amangoyang'ana nambala yapamwambayo n'kugamula kuti sukulu iyi ndi yabwino kapena ayi. Sukuluyo ikakhala yaing'ono, kugamula kotere n'kudzinamiza.

Matebulowa anachokera ku lamulo. Mu 2002 Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lotchedwa No Child Left Behind, lolamula kuti ana a giredi 3 mpaka giredi 8 azilemba mayeso a masamu ndi kuwerenga chaka chilichonse, ndipo zotsatira zizilengezedwa gulu ndi gulu. Mu 2015 Barack Obama anasaina lamulo lina m'malo mwake, Every Student Succeeds Act, koma mayeso apachakawo ndi kugawa kwa maguluko sizinachotsedwe. Cholinga chake ndimagwirizana nacho. Kale sukulu inkatha kuonetsa avereji yokongola pomwe ana osauka akutsalira mwakachetechete.

[Pa sikirini: kalasi ya ana 20]

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Sukulu zambiri za pulayimale kumeneko zimathera giredi 5, choncho olemba mayesowa ndi magiredi atatu okha. Tiyerekeze kuti kalasi ya giredi 4 ili ndi ana 20. Mwana mmodzi ndi 5 peresenti. Ana atatu okhoza bwino akasamuka chifukwa makolo awo apeza ntchito kwina, m'malo mwawo n'kubwera atatu amene Chingelezi sanachigwire, zotsatira zatsika ndi 15 peresenti. Mphunzitsi ndi yemweyo, mabuku ndi omwewo, kaphunzitsidwe sikanasinthe. Chaka chotsatira zikakweranso, anthu ayamba kuyamikira ahedi kuti akonza zinthu.

Akatswiri awiri a ziwerengero, Howard Wainer ndi Harris Zwerling, anaonetsa zimenezi mu 2006 ataunika sukulu za ku Pennsylvania. Pa mndandanda wa sukulu zokhoza kwambiri, zing'onozing'ono zinalipo zambiri kuposa mmene munthu akanayembekezera. Mukanati chinsinsi chapezeka. Koma atayang'ana kumunsi, kwa sukulu zolephera kwambiri, zing'onozing'ono zinali zochulukanso. Pamene ana ali ochepa, manambala amalumphalumpha basi.

Mukapita ku magulu aja, vutoli limakula. Mwa ana 60 olemba mayeso, aulumali angakhale asanu ndi awiri. Chigawo chilichonse cha dzikolo chimaika malire akeake, kawirikawiri pakati pa ana 10 ndi 30, ndipo gulu likachepera pamenepo pa tebulo mumangoona kanyenyezi kapena kamzere. Chifukwa china n'choteteza ana, poti lamulo la FERPA la mu 1974 limaletsa kuulula zotsatira za mwana payekha, ndipo pa gulu la ana atatu aliyense angadziwe amene walakwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana amene lamulo linkafuna kuti aoneke ndi omwewo amene amasowa pa tebulo la sukulu yaing'ono.

[Pa sikirini: mzere wa ana ochokera m'mabanja osauka]

Mzere uwu ndiwo ndikufuna tiimepo. Kwa zaka zambiri umphawi amauyeza poona ana olandira chakudya chamasana chaulere kapena chotsika mtengo. Chaulere chimapita kwa ana a mabanja amene ndalama zawo sizipitirira 130 peresenti ya muyeso wa umphawi wa boma, chotsika mtengo mpaka 185 peresenti. Ndi muyeso wokhakhala. Mwana amene makolo ake onse ali pantchito ya malipiro ochepa ndi mwana wosowa pogona amalowa mzere umodzi. Komabe mukaika mzere umenewu pambali pa zotsatira za mayeso, m'sukulu zambiri mupeza kuti umphawi ukakwera, zotsatira zimatsika. Izi si zatsopano. Mu 1966 James Coleman anatsogolera kafukufuku wa ana oposa 600,000, ndipo anapeza kuti kusiyana kwa zotsatira kumatsatira kwambiri banja limene mwana akuchokera kuposa nyumba za sukulu kapena zipangizo zake.

Musamve ngati ndikunena kuti sukulu ilibe ntchito. Nambala yapamwamba ija imakuuzani pamene ana aima lero, ndipo mbali yaikulu ya zimenezo anabwera nayo kuchokera kunyumba. Ntchito ya aphunzitsi imaoneka mukafunsa kuti mwana yemweyo wasuntha bwanji kuchokera chaka chatha. Mu 2017 Sean Reardon wa ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti ana a m'sukulu za boma mumzinda wa Chicago, ambiri mwa iwo osauka, ankakhala otsalira ali giredi 3, koma pofika giredi 8 anali ataphunzira zofanana ndi za zaka 6 m'zaka 5 zokha. Wongoona zotsatira za giredi 3 akanazinyoza sukuluzo.

Kanthu kenanso mwachidule: chigawo chilichonse chili ndi mayeso ake ndi malire ake okhozera, choncho 60 peresenti ya ku Texas si yofanana ndi 60 peresenti ya ku Massachusetts.

Mukatsegula tebulo la sukulu yaing'ono, yambani mwafufuza kuti analemba ndi ana angati. Kenako pezani zotsatira za zaka zitatu kapena zinayi zotsatizana, muone mzere wosonyeza kupita patsogolo kwa ana ngati ulipo, ndipo muyerekeze ndi sukulu ya m'chigawo chomwecho yokhala ndi ana ofanana nawo. Za magulu amene ali ndi kanyenyezi, pitani mukafunse ahedi pamasom'pamaso kuti anawo amathandizidwa bwanji komanso amawathandiza ndani.