Makalata Anu: Ana Akandifunsa Kwathu Ndiziti Kuti?

Takulandiraninso omvera. Kalata ya lero yachokera ku Lizulu m'boma la Ntcheu, ndipo mayi amene alemba apempha kuti dzina lawo tisalitchule. Akuti:

"Achimwene a pa wailesi, makolo anga adathawa nkhondo ku Domwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, mu 1986, usiku, atanyamula mphika ndi mphasa basi. Ine ndidabadwira kuno mu 1988. Nkhondo itatha bambo adabwerera, koma mayi adakana kusiya manda a mwana wawo woyamba amene adamwalira atangofika kuno. Ndidakwatiwa konkuno. Pakangobuka kamkangano ka munda, apongozi amati, 'Inu obwera mungatiuze chiyani?' Chaka chatha ndidapita ku maliro a bambo ku Angonia, nakonso ankanditchula Mmalawi poti Chipwitikizi sinditha. Ana akandifunsa kwathu ndiziti kuti?"

Mayi, pepani ndi maliro a bambo. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mawu oti "obwera" andiwawa.

Inu muli pa Lizulu, mseu wa M1 mumauwona tsiku lililonse. Tsidya lino Malawi, tsidya lija Mozambique, koma pa msika mbatata ndi kabichi timagulitsana m'chilankhulo chimodzi. Malirewa adagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, Angoni a Maseko ali kale kuno, ndipo likulu la mfumu Chikuse lidali ku Domwe komwe kudachokera makolo anuko. Ngoma imene amavina kwa apongozi anu ndi yomweyo imene ankavina agogo anu. Ndiye wobwera ndani pamenepa?

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, mpaka pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sadakhale m'misasa, adalandiridwa m'midzi, mafumu n'kuwaloza pomanga. Akuluakulu a m'mudzi mwanu akukumbukira zimenezi, mwina ndi apongozi anu omwe.

Za mundazo musakangane nokha pakhonde. Amuna anu ayankhule, ndi udindo wawo. Zikakanika, ankhoswe ndi anyakwawa alipo.

Koma anawo musawabisire kanthu. Ndaonapo mabanja amene amachita manyazi ndi mbiri yothawa, mwana mpaka kukula osadziwa mfunda wa agogo ake, ndipo zimenezi zimandidandaulitsa kuposa mawu a apongozi. Auzeni za mphika ndi mphasa ija. Ngati mayi anu akadali moyo, akhale nawo pansi madzulo, awatchulire mayina a midzi ndi a abale amene adatsala. Mukakolola, mukapeza ya ulendo, muwatengere ku Domwe akaone pamene padagona agogo awo, kenaka mudzawaonetsenso manda a m'bale wanu aja ku Lizulu. Konseko ndi kwawo, ndipo manda awiri onsewo ayenera kuwalambulira.

Mudzatilemberenso mayi, tidzamve m'mene mwayendera.